Mpando wa Jaji ndi Ameni Wathu wa ku Morley

Lamulungu lapitali ndinatuluka m'tchalitchi ndili wokwiya, ndipo mpaka pano mkwiyowo sunaphwe. Pepani ngati ndemanga ya lero ipse mbali ina.

Inu amene simunafikeko kuno ku Perth, dziwani kuti ife Amalawi timasonkhana masana mu holo ina yobwereka kufupi ndi Morley. Ambirife ndife anamwino ndi osamalira okalamba. Ena amafika ali chivalire yunifolomu, maso ali psuu, kuchokera ku shifiti. Timayimba nyimbo zakwathu mokweza, ana athu n'kumatiyang'ana ngati tasokonekera mitu.

Tili ndi mwambo wathu. Ulaliki usanayambe, wotsogolera amafunsa ngati pali zopempherera. Munthu amaimirira n'kunena chimene chikumusowetsa tulo, ndipo akamaliza tonse timayankha kuti Ameni. Pamapeto wotsogolera amazimanga mtolo umodzi n'kuzipereka kwa Mulungu. Palibe amene amafunsa funso. Wina akuti viza, Ameni. Wina akuti mayeso a unamwino, Ameni. Chopempherera cha mnzako suchiunika, umangovomera. Ndi mwambo wabwino, ndipo wachirikiza anthu ambiri amene akanagwa kuno kuchilendo.

Tsikuli anayamba kuimirira ndi Mayi Nangondo. Awa ndi mayi wamasiye amene amasamalira okalamba ku Fremantle, ndipo salankhulalankhula pagulu. Iwo ndi malemu amuna awo anamanga nyumba ku Lilongwe. M'nyumbamo mumakhala mayi awo okalamba ndi mwana wawo wamkazi wa ku sekondale. Bambo atangoikidwa m'manda, alamu awo anayamba kunena kuti nyumbayo ndi ya kuchimuna. Nkhani inafika kubwalo lalikulu la milandu, koma jaji amene ankaimva anapuma pantchito asanagamule. Loya wawo anawauza kuti milandu imene jajiyo anasiya idzapatsidwa kwa jaji watsopano akadzalumbira.

"Abale anga, mundipempherere," anatero Mayi Nangondo, atagwira mpando wa kutsogolo kwawo. "Alamu anga apeza wogula, ndipo awauza amayi kuti mwezi uno ukatha atuluke. Loya akuti popanda jaji manja ake ndi omangika. Ine sindikupempha kuti ndiwine ayi. Ndikungopempha kuti papezeke munthu pampando paja, andimveko."

Holo yonse inati Ameni.

Patadutsa anthu awiri, anaimirira a Matewere, mkulu wa mpingo. Mkati mwa sabata amayang'anira anyamata onyamula masamba kumsika wa Canning Vale, koma Lamulungu amavala suti ngakhale dzuwa liswe mtengo, chifukwa ndiwonso tcheyamani wa nthambi ya kuno ya chipani china chotsutsa boma. Anatsokomola kaye, monga amachitira anthu amene akudziwa kuti mawu awo ndi olemera.

"Okondedwa mwa Ambuye, dziko lathu lili pamoto. Mwamva kuti boma likufuna kulowetsa munthu wake pampando wa jaji chisankho chisanafike. Anzathu kumudzi apita kukapempha chiletso kuti asalumbire. Tipemphere kuti chiletsocho chigwire, mpando uja ukhale wopanda munthu mpaka tidutse chisankho."

Holo yonse inati Ameni, ndipo ulendo uno mokweza kuposa poyamba.

Mpando umene mayi wamasiye wapempha kuti pakhale munthu ndi womwewo umene mkulu wa mpingo wapempha kuti pasakhale munthu. Pakamwa pomwepo, anthu omwewo, mphindi zochepa chabe. Wotsogolera anazimanga zonse mtolo umodzi osaphethira n'komwe. Kodi Mulungu tinamuyesa ndani ife? Kalaliki wa pakhoti woti timupatse mapepala awiri otsutsana, asankhe yekha loti ataye?

Ndinayang'ana Mayi Nangondo. Anali atawerama, akupinda mpango wawo pamiyendo.

Titaweruka ndinawapeza a Matewere poimika magalimoto. Ndinawapatsa moni mwaulemu, chifukwa ndinaleredwa, kenako ndinawafunsa ngati anamva chimene mayi uja anapempha.

"Ndamva, achemwali, ndipo n'zachisoni," anayankha akutsegula chitseko cha galimoto. "Koma inu ndinu namwino, izi ndi ndale. Iyi ndi sitirateji. Tikamulola ameneyu alumbire, milandu ya chisankho idzagwera m'manja mwake. Ife tikungofuna nthawi ipite basi."

"Nanga nyumba ya Mayi Nangondo?"

"Apirire pang'ono. Pajatu mlandu suola."

Mlandu suola! Mwambi umenewu makolo anaunena poopseza wolakwa, kuti asaganize kuti nkhani yake yaiwalika. Lero tautembenuza, tikutonthozera nawo wolakwiridwa kuti akhale chete. Inde, mapepala saola. Koma nyumba imagulitsidwa, mwana amasiya sukulu, nkhalamba imafa ikudikira.

Ndisananene kanthu, anatulukira a Zimba, amene amaimba besi mu kwaya ndipo mtima wawo uli ku chipani cholamula. Anali atamva zonse, ndipo anaganiza kuti apeza mnzawo.

"Mwaonatu, sisitala? Anthu awa ndi ankhanza. Ife tikufuna munthuyu alumbire mawa lomwe."

Ndinawafunsa chifukwa chake, ndikuyembekeza kuti atchula amasiye.

"Ndi mwana wakwathu ameneyu," anatero akutsitsa mawu. "Ndipo chisankho chikadzavuta, pamafunika munthu wokumbukira amene anamuika pampando."

Ndiye ndinawafunsa onse awiri funso limodzi. Kodi pali amene anawerengapo chigamulo ngakhale chimodzi cha munthu ameneyu? A Matewere anati anamva kuti anaoneka pa ukwati wa mwana wa nduna. A Zimba anati munthuyo anaphunzira sukulu imodzi ndi msuweni wawo. Umboni wonse unathera pomwepo.

Apa ndiye pagona mkwiyo wanga, owerenga. Munthu amene dzina lake likukanganiridwayu ine sindikumudziwa. Mwina ndi woyenera, mwina ndi mbava. Ngati ndi mbava, tiuzeni chimene anaba, mumukane poyera ndiponso msanga, boma libweretse dzina lina. Ngati ndi woyenera, mulekeni akagwire ntchito. Koma zimene tikuona si zimenezo. Mbali ina ikufuna kumulowetsa mothamanga kuti adzawalondere nkhokwe, mbali inayo ikufuna mpando ukhale pululu mpaka idzapeze mpata woikapo mlonda wake. Onsewa akugwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti jaji ndi wa chipani. Akungosiyana pa mtundu wa nsalu.

Ndani mwa iwo anafunsapo ngati munthuyu amafika kuntchito nthawi yabwino? Ngati amalemba zigamulo zake, kapena amangozisunga mpaka anthu atatopa? Ngati mayi wovala chitenje chothetheka akaima pamaso pake amamumvera mofanana ndi bwana wa tayi? Mafunso amenewa sakoma pa msonkhano wa chipani. Timakonda akuti kwawo n'kuti, anakwatira mwana wa yani, anajambulitsa ndi ndani.

Ndipo taonani chodabwitsa. Andale akafuna chiletso, khomo la khoti limatseguka msanga, maloya ali piringupiringu, atolankhani ali pakhomo. Mayi wamasiye akafuna kuti wina aletse alamu ake kugulitsa denga la mwana wake, amauzidwa kuti majaji achepa, otsalawo atanganidwa. Atanganidwa ndi chiyani? Ndi milandu ya omwewo amene akutsekereza kuti majaji asawonjezeke.

Koma andale a kumudzi ndiwasiye, amenewo khungu lawo ndi lolimba. Ndibwere kwa ife a kunja kuno, chifukwa ife ndiye tilibe chowiringula.

A Matewere omwewa chaka chatha anakangana ndi mwininyumba wawo pa nkhani ya denga lodontha. Anakadandaula kumene anthu kuno amadandaula, anapatsidwa tsiku, anamvedwa, nkhani inatha. Anatisimbira nkhaniyi pa tiyi mpaka tinailoweza. "Dziko ili liri ndi dongosolo," ankatero. Sanafunse kuti amene anawamvayo kwawo n'kuti, kapena amavotera ndani. Anangofuna munthu pampando, ndipo anamupeza.

Chimene timachikonda kuno n'chifukwa chiyani timachimana abale athu kumudzi? Timakhala m'nyumba zimene palibe mlamu angatilande, n'kumatumiza mauthenga pa foni olimbikitsa anthu kuti atseke makhoti. Tikalakwitsa sitirateji yathuyo, ife mawa tidzakwera basi ku Morley n'kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Wogona panja ndi wina.

Ndiponso tinazitengera m'nyumba ya Mulungu, pamene tikudziwa kuti palibe amene angatitsutse. Chimenechi ndiye chandiwawa kwambiri. A Matewere akanakanena mawu awo pa msonkhano, wina akanaimika dzanja. Anasankha nthawi ya zopempherera chifukwa amadziwa kuti pamenepo Mmalawi sakana. Anabisa ndale m'pemphero monga timabisira mankhwala owawa m'phala la wodwala, ndipo holo yonse inameza. Ulemu wathu womwe uja, woti mkulu akalankhula suyankha, unasanduka chingwe chomangira mayi wamasiye.

Lachinayi ndili pa nthawi yopuma kuntchito, foni inayamba kunjenjemera osaleka. Pagulu lathu la Amalawi panali chikondwerero. Chiletso chagwira, munthu uja salumbira mpaka nkhani idzamvedwe, ndipo tsiku lodzaimvera silikudziwika. Anthu ankatumiza zithunzi za manja opemphera. A Matewere analemba kuti Mulungu wathu sagona.

Madzulo a tsiku lomwelo Mayi Nangondo anandiimbira. Sanalire. Anangoti ndibwere ngati ndingathe.

Nkhani ya chiletso alamu awo anaimvanso pa wailesi, ndipo iwo anaimvetsa bwino kuposa ife tonse. Anadziwa kuti palibe amene awaletse posachedwa, choncho sanadikirenso kuti mwezi uthe. Anafika ndi wogula uja ndi anyamata, n'kutulutsa katundu yense. Mwana anatumiza chithunzi. Mabedi, mapoto ndi mabuku a sukulu zili mbwee pabwalo, geti ili ndi loko watsopano, ndipo agogo akhala pa matiresi atafunda chitenje kumutu, kumwamba kutada ndi mitambo ya mvula. Anansi anawatenga kuti agone nawo masiku atatu, koma nawonso nyumba yawo ndi yodzaza.

Ndinakhala nawo Mayi Nangondo tikuimba mafoni kwa aliyense amene tinamukumbukira ku Lilongwe. M'mawa mwake anadzuka n'kukakwera sitima ya ku Fremantle, kukasambitsa ndi kudyetsa amayi a anthu ena.

Dzulo, Loweruka, ndinabwererako ndi ndiwo. Ndili komweko anagogoda a Matewere ndi akazi awo, atamva za tsokali, kudzapepesa monga mwa mwambo. Ndisaname, nkhope zawo zinali zachisoni ndithu. Anakhala pansi, a Matewere anavula chipewa, anapereka mawu achitonthozo, ndipo Mayi Nangondo anawalandira ndi manja awiri n'kuwapatsa tiyi. Atamaliza kumwa, a Matewere anaika kapu pansi.

"Mayi, zoterezi zimafuna Mwini wake. Tiyeni titseke maso tipemphere."

Mayi Nangondo sanatseke maso. Anayankha mofatsa, mwaulemu wonse woyenera mkulu wa mpingo.

"Zikomo, bambo mkulu. Koma pemphero lanu lija layankhidwa kale. Mundiuze kaye kumene amayi anga akagone mawa, kenako tipemphere."

A Matewere anayang'ana chipewa chawo, akazi awo anayang'ana pansi.

Funso limenelo silinayankhidwe mpaka alendowo anatsanzika. Ndiye ndalibweretsa kwa inu nonse amene munatumiza manja opemphera Lachinayi, ndi inunso a mbali inayo amene mukulira chifukwa mlonda wanu wachedwa. Masiku atatu a anansi aja atha lero. Agogo aja akagone kwa ndani mwa inu?