Amayi Anga ndi Kuperekeza Alendo

Amayi anatilera ndi lamulo limodzi losasintha: mlendo satuluka yekha pakhomo. Kwathu ku Kabwata, muno mu Lusaka, ngakhale wodzangopempha mchere ankaperekezedwa mpaka pamsewu, kachikwama kake atamunyamulira. Matenda oiwala atawagwira anaiwala maina athu, anaiwala kuzimitsa mbaula, koma lamulo ili linawakakamira ngati chisoso pachitenje.

Ine ndimakhala ku Chelstone ndipo ndimagwira ntchito m'tauni. Nditawapeza tsiku lina makatani akufuka utsi, iwo ali phee pampando, ndinawapititsa kunyumba yosamalira okalamba ku Woodlands. Abale anandinena kuti ndataya mayi wondibala, koma mwa onenawo palibe anati bwera nawo kuno. Chimene ndinakondera malowo chinali mpanda wautali, geti lachitsulo ndi mlonda wa yunifolomu. Ndinkati pamenepa ndiye ndigona tulo.

Loweruka lina azimayi a kutchalitchi anapita kukawaona. Anaimba, anapemphera, ndipo potsanzika amayi anadzuka, kumanga chitenje, kulanda chikwama cha mmodzi wa iwo. Mlonda anatsegula geti, chipewa kuvula. Atafika pokwerera minibasi alendowo anangoti, "Bwelelani apa ba mayo, mwatipelekeza maningi," n'kukwera, n'kumapita. Anthu akuluakulu, odziwa bwino chimene chinawasamutsira amayi kumeneko! Amayi anabwereradi, koma anabwerera kunyumba imene mutu wawo unkaidziwa.

Woyang'anira malowo anandiimbira foni kuti amayi asowa. Ndinazungulira misewu ya ku Woodlands ndikufunsa ogulitsa tomato, m'maganizo ndikungoona maminibasi aja othamanga ngati akuthawa ngozi. Ndinawapeza dzuwa litapendeka, ku Kabwata, panyumba yathu yakale imene tinagulitsa. Anali pakhonde, mapazi atatupa, patapata imodzi itatayika, akufunsa eni nyumba ngati adya kale komanso kuti kwawo asiyako bwanji.

Mlonda uja ndinamufikira ndi moto. Iye anangotambasula manja.

"Ba sisi, nenze nizaziba bwanji? Benze bapelekeza chabe balendo. Mukulu ungamufunse ati muyenda kuti?"

"Manje banakulembelani nchito ya chani, yovula chisote?" ndinatero ine.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sankanama. Tonsefe tinaleredwa choncho, ndipo geti lililonse mu Lusaka muno limatseguka lokha likaona imvi ndi chikwama cha mlendo.

Woyang'anira anandiuza mosapsatira kuti zikachitikanso, amayi azitsekeredwa m'chipinda nthawi ya alendo, apo ayi ndiwatenge. Kuwatenga n'kuwabwezera kumbaula ija. Kuwatsekera, munthu woti moyo wake wonse khomo linali pululu, kunali kuwapha ali moyo. Tinayesa zoti alendo azizemba, azitulukira kukhitchini. Zinaipiratu. Amayi ankaswera akulira, chakudya osachiyang'ana, akufunsa aliyense kuti alakwa chiyani kuti anthu achoke osatsanzika.

Ndili m'minibasi yobwerera ku Chelstone, nditatopa ndi kukwiya, ndinakumbukira chinthu chimodzi chokha chimene chinkawabweza amayi panjira kale lija. Tinkaima pakhomo ife ana n'kukuwa kuti kwabwera alendo ena, iwo n'kupereka chikwama msangamsanga, liwiro kunyumba.

Ndi mmene timachitira mpaka lero. Amaperekeza mpaka pamtengo wa mapeyala umene uli m'kati mwa mpanda, ndiye wosamalira amafuula ali pakhonde, "Ba mayo, kwabwela balendo benangu!" Geti silitsegulidwa mpaka atatembenuka. Akamafika pakhonde amakhala ataiwala chimene athamangira, n'kulandira tiyi. Komabe sindipuma. Mlonda aliyense watsopano ndiyenera kumuphunzitsa mwano, ndipo sipalephera mlendo wachifundo chopha nkhwali woti, "Basiyeni batifikiseko chabe pa mseu."

Inenso amandiperekeza. Amandilanda chikwama, timayenda pang'onopang'ono mpaka pamtengo paja, iwo akundifunsa ngati minibasi ndiipeza. Sabata yatha, mawu a wosamalira atamveka, anandibwezera chikwamacho ndi manja awiri, n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Muyende bwino, mwana wa bene. Mukabapase moni bamai banu, mubauze ati banalela."

"Bazamvela," ndinayankha.

Ndinaima pomwepo mpaka atakwera pakhonde, kenako ndinakodola mlonda kuti atsegule.