Kumbuyo kwa Maikolofoni

Chaka chimene alamu anga anatengedwa, a wailesi anabwera ku esiteti kwathu kudzajambula nyimbo za amayi. Mlandu wa alamuwo unali kufunsa pamsonkhano chifukwa chake mwana wa m'mimba ankayenera kuguliridwa khadi ya chipani. Galimoto inabwera, ndipo sitinawaonenso. Akazi awo, achemwali anga aakulu, ankayenerabe kuvina ngati wina aliyense. Kukana kunali kudziitanira galimoto yomweyo.

Tinasiya kuthyola tiyi, n'kusonkhana pabwalo la mpira. Wojambulayo anali bambo wowonda, wosayankhulayankhula, atavala zomvera m'makutu. Chimene chinatiopsa ndi maikolofoni yawo, yaitali ngati mpini wa khasu, yomwe ankailozetsa kwa anthu ngati mfuti. Kumalayini, kunyumba za antchito, kunali kutamveka kale kuti chinthucho chimamva ngakhale zimene munthu akuganiza. Ine ndinaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha.

Nyimbo yachiwiri itatha, ng'oma zitangoti zii, achemwali anausa moyo nanong'ona m'Chilomwe kuti tikuvinira anthu amene atidyera amuna. Nditakweza maso ndinapeza chinthucho chikuloza ife ndendende. Bambo aja anagwira chomvera chawo, natiyang'ana. Atcheya a amayi anali chapafupi, anyamata a malaya ofiira ataima m'mphepete mwa bwalo. M'mutu ndinayamba kale kugawa ana a achemwali, awa kwa ine, awa kwa amalume ku Milonde.

Pa nthawi yopuma ndinawatengera madzi bambowo, ndikudzipusitsa ngati mayi wachidwi chabe. Ndinafunsa ngati chinthucho chimamvadi zonse. Anati ayi. Anandionetsa timabowo ta m'mbali mwake, nandiuza kuti mawu ochokera m'mbali amalowera m'timabowo tosiyanasiyana, n'kukafika mkati mosalingana, ndiye amaphana okhaokha. Ochokera kutsogolo amangolowa molunjika, ngakhale atakhala patali ndithu. Kumbuyo kwake nkovuta kuti itole kanthu.

"Nanga munthu akanong'ona, iyo italoza komweko?" ndinafunsa.

"Imatola, mayi," anatero akundibwezera kapu. "Ngakhale Chilomwe. Ine mayi anga ndi a pa Nkando pomwepa."

Sindikudziwa mmene ndinabwererera pamzere. Kenako ndinawamva bambowo akuuza atcheya kuti mphepo yaononga nyimbo ija, tibwereze. Tsikulo ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Anabweza tepi, nati akufuna munthu mmodzi woti awagwirire chingwe kumbuyo kwawo. Chala chawo chinadutsa mzere wonse, n'kukaima pa achemwali.

Achemwali anamasula mwana kumbuyo, nandipatsa osandiyang'ana. Ankadziwa kuti munthu akamapatulidwa pagulu, zimayamba choncho. Ndinabereka mwanayo, ng'oma zinayamba, ndipo ndinayimba mokweza kuposa masiku onse a moyo wanga, maso ali pa achemwali. Anaima kumbuyo kwa bambowo, chingwe chili m'manja. Ndinaona milomo ya bambowo ikuyenda, koma sanacheuke.

Galimoto ya a wailesi itachoka, anthu atabalalika, ine ndi achemwali tinayenda m'kanjira ka m'tiyi. Titafika poti sipakuoneka munthu, ndinafunsa chimene anauzidwa.

"Akuti, apa siimva, nenani zonse zili kumtimazo mumalize."

"Ndiye munanena?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Kwa miyezi yambiri, galimoto iliyonse ikamveka pamsewu wa esiteti, achemwali ankasiya dengu n'kuyamba kundiuza kumene asunga zovala za ana. Palibe amene anabwera. Mwina bambo aja anafufutadi tepiyo, nawapatsa achemwali malo okhawo m'dziko lonse oti akanalirira amuna awo mokweza. Mwinanso unali msampha. Achemwali anamwalira osadziwa, ndipo pamalo pajapo sanatsegule pakamwa.