Mkanjo wa Imfa

Nsalu yatsopano ili ndi fungo lakelake, la m'sitolo, ndipo mpaka lero ndikalimva mtima umathawira kwathu ku Mongue. Pa nthawi ya nkhondo fungo limenelo linali litasowa m'mudzi mwathu. Tinkanunkha utsi, thukuta ndi masaka a chimanga, amene anthu ambiri anali atayamba kuvala atawaboola potulukira mutu. N'chifukwa chake tsiku limene bambo aakulu, a Arimando, anafika pakhomo pathu ndi kamtolo kukhwapa, ndinadziwa kuti muli nsalu asanamasule n'komwe. Inali nyengo ya Lenti, mvula ikutsazika, maungu atayanga mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali mtsikana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri.

Bambo anga, mng'ono wawo wa a Arimando, anali atagwidwa mvula isanayambe. Anachoka m'mawa pa njinga kukafuna mchere ku Milange, ndipo asilikali oukira boma, amene tinkawatcha anthu a kutchire, anawapeza panjira n'kuwasenzetsa katundu pamodzi ndi amuna ena. Njinga sinabwerere, eni akenso sanabwerere. Patapita miyezi ingapo, mmodzi mwa ogwidwawo anathawa, mapazi atatupa, ndipo anati bambo anawaona komaliza akutsimphina kumbuyo kwa mzere. Kupitirira apo sankadziwa kanthu, kapena sankafuna kunena. Amayi anakakamira mawu amenewo. Wotsimphina ndi wamoyo, ankatero, ndipo mbale ya bambo ankaitsuka tsiku lililonse pamodzi ndi zathu.

A Arimando anakhala pa mpando wa bambo n'kumasula kamtolo kaja. Munali bafuta woyera mbee, wautali, wokhala ndi chidindo cha buluu pangodya imodzi. Anali atawoloka malire mozemba, nkhuku zawo m'manja, kukamugula ku Limbuli. Sanali munthu woipa. Anali ndi mphuno ndi kayendedwe ka bambo, moti akatulukira kunjira mtima wanga unkadumpha kenako n'kugwa.

"Alamu, m'bale wanga akundivutitsa kutulo," anatero. "Akubwera wosavala, akunjenjemera. Tidule thunthu la nthochi, tilikulunge m'nsaluyi, tikaliike kumanda monga amachitira makolo munthu akafera kutali. Ikangotha Pasaka tichite mwambowo, inu mumete, tikusudzuleni."

"Mtembo mwauona, alamu?" anafunsa amayi.

"Pa gera imeneyi, nkhondo ili mkati chonchi, ndani akuona mtembo?"

A Arimando anasiya bafutayo m'manja mwa amayi kuti asunge, popeza kumudzi kwawo a kutchire ankafikako kawirikawiri. Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa, ndipo ndinamva zonse. Ndinamvetsa chinthu chimodzi: thunthu la nthochi likalowa m'dothi, dzina la bambo lichoka m'pemphero la apaulendo n'kulowa m'pemphero la omwalira. Ndinachita mantha, ndipo ndinadana ndi nthochi zonse za kuseri kwa nyumba yathu.

Masabata omwewo ku tchalitchi kwathu kunali kukonzedwa sewero la nyimbo la Pasaka. Wansembe anali atasiya kubwera chifukwa cha mabomba a mumsewu, choncho zonse zinali m'manja mwa a Domingo, otsogolera kwaya, munthu wamfupi wa dazi amene ankapeka nyimbo ali kumunda. Mu sewerolo Imfa inkayendayenda ikuimba modzitama, ikutola anthu mmodzimmodzi, mpaka Yesu atauka n'kuithyolera chikwakwa chake. Wokhala Yesu anapezeka msanga, anyamata anachita kulimbirana. Koma Imfa anthu onse anaikana. Mayi aliyense anati mwana wake ayi, amenewo ndi malodza.

Ine ndinaimika dzanja. Ndinali wamtali ndi wowonda ngati bango, ndi mawu aakulu amene anzanga ankati ndinabwereka kwa chule wa m'dambo, ndipo m'kwaya ankandiika kumbuyo kuti ndisawononge nyimbo. Aka kanali koyamba kuti mawu angawo afunike. Nditakawauza amayi, a Arimando asanabwere ndi nsalu yawo, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ukufuna kundilaula iwe? M'nyumba muno imfa yachepa?" Nkhani inathera pomwepo. Koma m'mawa wotsatira tsiku la bafuta lija, amayi anandituma kuti ndikaitane a Domingo.

Amayi anali telala wodziwika. Nkhondo isanafike ankasoka madiresi a ukwati ndi mayunifolomu a ana a sukulu, ndipo msoko wawo unali waung'ono ngati mapazi a nyerere. Makina awo tinali titawakwirira m'munda wa chinangwa, atakulungidwa m'saka, kuopa olanda. Chinatsala m'nyumba chinali singano, sizasi yopachika pamsomali ndi ulusi umene ankasolola ku zovala zakutha.

A Domingo anakhala pakhonde n'kuyamba kudandaula za chovala cha Imfa. M'buku la wansembe anaionamo itavala zakuda, koma nsalu yakuda ikanachokera kuti? Wina anali atapereka malaya akale obiriwira, iwo n'kuwabweza msangamsanga, chifukwa asilikali a boma akanati tikunena iwo. Sanza ndi makungwa a mtengo nazonso zinali zoopsa, poti ndi mmene ankavalira a kutchire, ndipo iwo anali ndi makutu m'mudzi uliwonse. Chigoba kumaso sichikanatheka, akhristu akanati talowetsa gule m'tchalitchi. Imfa inali ponseponse m'dziko, koma kuipezera chovala chosakhumudwitsa munthu wa mfuti inali ntchito.

"Imfa ya kuno sivala zakuda, a Domingo," anatero amayi. "Aliyense amene tamuperekeza kumanda wapita atavala zoyera. Nsalu ndili nayo."

A Domingo anaona bafutayo, anaona amayi, kenako anayang'ana pansi. Ndikhulupirira anadziwa, chifukwa m'mudzi nkhani sigona. Anangopukuta dazi lawo n'kunena kuti Mulungu awadalitse.

Anandisokera masana, kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa nthochi zomwe zija. Ankandiimika pamphasa, manja otambasula, n'kundizunguliza bafuta. Anamupinda pakati, anamudutsitsa paphewa limodzi, anakwinya kumsana, ndipo potulukira mutu anangosiya mpata pakati pa mapindo awiri. Nsalu yotsala sanaichotse, anaipindira mkati mpaka mkanjowo unalemera ngati bulangete. Ndinkatuluka thukuta, ntchentche zikunditera pamphuno. Ndikadandaula ankangoti, "Walira mvula walira matope. Ima bwino."

Chimene chinandikwiyitsa chinali msoko. Amayi amene ankasokera akwati a eni mwaluso chotere, ine mwana wawo ankandisokera misoko italiitali, yotalikirana ngati mapazi a munthu wothawa. Manja a mkanjowo sanali manja enieni, anali mapindo olendewera basi. Ndinawafunsa chifukwa chake sakudula bwinobwino kuti ukhale ngati diresi. Anati Imfa siyenda ndi telala. Sizasi anaitsitsa pamsomali kamodzi kokha, pamene anatenga ambulera yakale ya bambo, yothyoka nthiti, n'kudula nsalu yake yakuda m'timizere. Timizere timeneto anatilumikiza pachifuwa pa mkanjo kuti tioneke ngati nthiti za munthu. A Domingo anabwera ndi utoto wakuda wotsala ku bolodi ya sukulu kuti ajambule mafupa ena kumsana, koma amayi anawabweza nawo. M'chiuno anandimanga luzi, ndipo kumaso anati adzandipaka ufa wa chinangwa kuti nkhope yanga izionekabe.

Masiku amenewo ndinali wokondwa, ndiyenera kunena zoona. Ndinkaganiza kuti amayi apeza nzeru yogonjetsera a Arimando. Popanda nsalu palibe maliro, popanda maliro bambo ali moyo. Ndinkapita kumtsinje ndikuimba nyimbo yanga mokweza mpaka amayi ena ankandithamangitsa pamwala wochapira. Sindinkaona kuti amayi akuwonda, ngakhale kuti nthawi zina ankaima ndi singano m'mwamba, akuyang'ana bafuta ali pathupi panga.

Pasaka inafika ndi dzuwa lowala ndi mphepo yozizira yochokera kuphiri. Mapemphero a usiku anali atalekeka kalekale, choncho sewero linachitika masana, mwambo wa mapemphero wopanda wansembe utatha. Tchalitchi chathu cha udzu chinadzaza, ambiri akazi ndi ana ndi nkhalamba, poti amuna anali atachepa. Munkanunkha dothi lonyowa ndi maluwa a m'tchire amene anaikidwa m'zitini. Ng'oma zitayamba ndinalowera kukhomo la kumbuyo, chikwakwa cha mtengo m'manja, ufa ukuyabwa m'zikope.

Poyeserera anzanga ankaseka ndikalowa. Tsiku limenelo palibe anaseka. Ndinayenda pakati pa anthu, bafuta akukwekwereza pansi, ndikuimba mawu amene a Domingo anapeka: "Ndine Imfa, sindinena odi, khomo lililonse ndi langa. Wa kumunda ndi wanga, wa panjira ndi wanga." Kwaya inkayenera kuyankha kuti, "Pita, pita, kuno kulibe wako," koma mawu awo anatuluka ochepa ngati a anthu odwala. Nditafika pa mawu oti wa panjira, mayi wina amene mwamuna wake anagwidwa pamodzi ndi bambo anayamba kulira mokweza. Ena anamutsatira. Ana aang'ono anabisa nkhope m'zitenje za amayi awo. Ine ndinapitiriza kuimba chifukwa sindinkadziwa chochita china, koma kunyada konse kunandithera, ndipo ndinamva kuzizira m'kati mwa nsalu yolemera ija.

Yesu anauka, mnyamata wa mano otuluka dzina lake Zakariya, n'kuthyola chikwakwa changa pabondo. Ndinagwa pansi monga tinaphunzirira. Anthu anaimba aleluya misozi ili m'masaya. Ndili chigonere, ndinaona a Arimando ataima pakhomo, chipewa m'manja. Maso awo sanali pankhope panga. Anali pa mpendero wa mkanjo, pamene chidindo cha buluu chinali chitatulukira pogwa paja.

Anatidikira panja, pansi pa mtengo wa mango, anthu akubalalika. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Alamu, nsalu ya m'bale wanga mwaveka mwana? Mwana wamoyo?"

"Yavalidwa, alamu," anatero amayi. "Yagwa ndi pansi pomwe, anthu onse aona. Mukakulungira m'bale wanu nsalu yovalavala?"

Kwathu maliro amapita ndi nsalu yatsopano, ndipo a Arimando analibenso nkhuku zina zoti akawolotse malire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndili mbuu ndi ufa, nthiti za ambulera zili pachifuwa. Kenako anavala chipewa. "Ndiye azingoyenda wosavala," anatero n'kutembenuka. Pakhomo pathu sanapondeponso. Nditafika kunyumba amayi anandivula mkanjowo mofulumira, anandisambitsa okha ngati khanda, akupemphera chamumtima, ndipo anandikumbatira mpaka ndinamva kuwawa. Ine ndinkaganiza kuti tapambana.

Chaka chisanathe nkhondo inafika m'mudzi mwenimweni, ndipo tinathawira ku Malawi ndi zimene tikanatha kusenza. Makina anatsala m'munda wa chinangwa, koma mkanjo wa Imfa amayi anaunyamula pansi pa mtolo wawo. Unakhala nafe mumsasa wa othawa nkhondo zaka zonse, osavalidwa, ngakhale pamene tinkagona tikunjenjemera ndi chisanu cha ku Mulanje. A Arimando anamwalirira kumsasa wina, osayanjananso ndi amayi.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, ine ndili kale ndi mwana kumsana. Amuna ena amene anagwidwa anayamba kutulukira, wina wopanda dzanja, wina ndi mkazi wachilendo. Amayi anadikira dzinja limodzi, kenako lina. Tsiku lina m'mawa anatulutsa mkanjo uja n'kundiitana kuseri kwa nyumba. Anachotsa nthiti za ambulera, anagwira mfundo ya ulusi paphewa n'kukoka. Msoko wonse unasololoka kamodzi. Anakokanso wa kumsana, mapindo anamasuka, ndipo pamphasa panagona bafuta wathunthu, ngodya zonse zinayi zili m'malo, wopanda pamene sizasi inadutsa. Anamuchapa, anamuyanika, n'kutuma mwamuna wanga kuti akadule thunthu la nthochi.

Ndinawakumbutsa mawu awo omwe, kuti nsaluyo ndi yovalavala. Amayi anaisalaza ndi chikhatho.

"Anavala ndi mwana wake," anatero. "Sangaikane."

Ndili mwana ndinkati amayi anasandutsa nsalu ya maliro chovala cha sewero chifukwa sankakayika kuti bambo adzabwera, ndipo misoko italiitali ija ndinkaiyesa ulesi wa munthu wotopa. Lero nanenso ndimasoka, ndipo ndikudziwa kuti telala amasoka choncho chinthu chimene akudziwa kuti adzachimasula. Amayi ankadziwa kuyambira tsiku limene a Arimando anamasula kamtolo kaja. Chimene ankapempha chinali nthawi yoti azitsukabe mbale ya bambo, ndipo kuti aipeze anaveka mwana wawo yemwe nsalu ya kumanda, mtima ukuwawa. Bambo tinawaika masana a tsiku lotsatira, pafupi ndi manda a a Domingo, amene nawonso anali atatisiya, ndipo pobwera kumanda amayi anakhala pamphasa n'kundipatsa lumo kuti ndiwamete.