Ofesi ya a Tayi

Kwawo a Tayi anali kalaliki wa chidindo. Anthu ankawaimira pamzere, iwo n'kumayang'ana wotchi ngati pali ndege ikuwadikira. Dzinali linabwera chifukwa ngakhale popita kukametetsa, tayi inkakhala pakhosi.

Atasamukira kunja, chidindo chinatsala. Amene anapeza ntchito ndi mkazi wawo, kunyumba yosamalirako okalamba: kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwadyetsa ndi supuni. Mapepala okhalira m'dzikomo anatuluka chifukwa cha ntchito imeneyi. A Tayi anafunsira paliponse, koma panalibe amene ankafuna katswiri wodinda. Ndiye ankatsala ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, m'chipinda chimodzi cha pamwamba penipeni.

Kunena zoona, ankaitha. Thewera ankasintha ndi dzanja limodzi, mapoto ankawala. Mkaziyo ankaziona, mumtima n'kumayamika. Chimene chinkamutopetsa ndi Lamlungu.

Lamlungu lililonse masana a Tayi ankatsegula ofesi. Ankakokera tebulo pakona yokhayo imene penti sinasupuke, n'kuikapo kompyuta yakufa imene anatola kotayira zinyalala, kalendala ndi zolembera zitatu. Chingwe choyanikapo tizovala ta mwana ankachisiya kuseri kwa foni. Akatero ankavala jekete ndi tayi, n'kuimbira amayi awo pa vidiyo, kuwauza kuti akampani sawapatsa mpata ngakhale tsiku lopuma. Mbali ya mkaziyo inali kubweretsa tiyi ndi kumwetulira.

Lamlungu lina mkaziyo analowa ntchito m'mawa kwambiri, n'kubwerako mapazi atatupa. Anapeza ofesi yatsegulidwa kale.

“Mayi a mwana, tiyi uja,” anatero a Tayi, mawu ali apaofesi.

Pamene ankaika kapu patebulo, amayi a mwamuna wake anasendeza nkhope pafoni.

“Apongozi, mwangodzuka kumene eti? Masowo akuchita kunena okha. Mwana wanga akuthera pantchito, inu kumangonenepa ndi tulo. Tiyi yemweyu mpaka kukumbutsidwa?”

Mkaziyo anayang'ana mwamuna wake. Sankafuna zambiri, mawu amodzi okha akuti ayi amayi, amene amatidyetsa muno ndi uyu. A Tayi anawongola tayi, n'kuyamba kugogoda kompyuta yakufa ija.

“Akazi a masiku ano, amayi,” anatero, n'kuseka pang'ono.

Mkaziyo anasendeza kapu ija bwinobwino kuti isatayike. Kenako ananyamula foni.

“Amayi, ofesiyi simunaionepo yonse. Tiyeni ndikuyendetseni.”

Anawaonetsa chingwe cha tizovala, mapoto, ndi yunifolomu yake yantchito itakolekedwa pachitseko. Pomaliza anatsitsa foni kunsi kwa tebulo. Kumeneko abwana anali m'kabudula wogonera, phazi likugwedeza kabedi ka mwana. Phazilo silinasiye n'komwe, linali litazolowera.



“Tabwererani ku mapotoko,” anatero amayi aja. “Watsuka ndani amenewa?”

“Abwanawa.”

“Mpatseni foni.”

A Tayi anailandira ndi manja awiri.

“Iwe, zaka makumi atatu ndakhala ndikukuchapira masokosi, iwe kumati sopo amakutulutsa zidzolo. Wakunjayo sayabwa?”

“Amayi, n'zongoyembekezera izi, pali kampani ina yati…”

“Khala chete. Bweza foni kwa mwini nyumba.”

Phokosolo linadzutsa mwana. A Tayi anawerama kumunyamula, mwanayo n'kugwira tayi ija, kuilowetsa m'kamwa.

Amayi aja sanapepese. Anangotsokomola, n'kufunsa kuti, “Apongozi, mumaweruka nthawi yanji? Ndiziimba mutapumako.”

Mkaziyo anawauza. Kenako anakhala pampando wa abwana, kukweza mapazi pamwamba pa kompyuta, n'kumwa tiyi uja.