Bondo Langa Linathera pa Njinga ya Matemba

Bondo lakumanja linayamba kundivuta m'mwezi wa Okutobala, zaka zitatu zapitazo. Ndikamapalasa njinga linkalira kuti khekhe, ndipo m'mawa linkadzuka litauma. Ntchito yanga inali yonyamula matemba ndi milamba kuchokera ku nyanja ya Amaramba kupita ku msika wa Entre Lagos. Banja langa lonse linkadya za njinga imeneyo.

Ife a nsomba tili ndi mankhwala athu. Bondo likatupa timatema mphini, n'kulimanga ndi mphira wa chubu, ulendo n'kupitirira. Nsomba siidikira wodwala. Ndinatero mpaka mvula inatha, bondo litasanduka dzungu.

Ku chipatala cha ku Cuamba anandijambula mafupa. Namwino anati, "Mafupa ali bwino, bambo, koma makina awa saona zofewa za m'kati. Musiye njinga, mupite ku Nampula." Ine ndinatolapo mawu oyambawo, enawo ndinawasiya pa benchi. Ndinapalasanso chaka china chathunthu.

Tsiku lina bondo linakana kuwongoka ndili panjira, dengu lonse n'kukhuthukira m'fumbi. Apo m'pamene ndinakwera sitima ya ku Nampula. Kumeneko ndinadikira masabata angapo kuti andijambule ndi makina oona za m'kati, ndikugona kwa mlamu wanga.

Makinawo amawatcha resonansiya. Anandivula lamba, wotchi ndi chilichonse chachitsulo, anakhazika bondo m'chikombole, n'kundilowetsa m'chimphanga choyera chosokosera ngati chigayo. Anandiuza kuti ndisagwedezeke ngakhale pang'ono.

Dotolo anandionetsa zithunzi. Anati nsonga za mafupa zimakutidwa ndi kamnofu koterera, ndipo kanga kanali kataperepeseka, fupa likukhulana ndi linzake. "Mukadabwera nthawi ija tikadapulumutsako," anatero. "Kameneka sikameranso." Ndinachita manyazi, ndipo mtima unandiwawa kuposa bondolo.

Anachotsa madzi m'bondomo, anandipatsa mapiritsi, n'kundiphunzitsa kulimbitsa ntchafu. Lero kutupa kunatha ndipo ndimayenda bwino ndi ndodo. Koma katundu ndinaletsedwa. Njinga ili ndi mkamwini wanga, ine ndimayanika nsomba za eni pa thandala. Kugwada sindingathe, moti ku mzikiti ndimaswali pampando kumbuyo, pamodzi ndi nkhalamba zoti zingandibale.

Anzanga a njinga, bondo likayamba kulira pitani kuchipatala lisanatupe, ndipo mumvetsere mpaka namwino atamaliza kulankhula. Nsomba za tsiku limodzi zikaola, mawa nyanja imakupatsani zina. Bondo lina palibe amene adzakupatseni.