Wotchi ya Ameya ndi Belu la Ansembe

Ndinasiya koleji Lachitatu, nditadya nkhomaliro. Panalibe chifukwa chachikulu. Ndinangoona kuti ine ndi kolejiyo tapatsana zonse zomwe tikanatha kupatsana, ndipo ndinatuluka mwaulemu, osamenyetsa chitseko.

Vuto linali kunyumba. Ndinkakhala kutsidya kwa nyanja, m'tauni ya Hyattsville, m'chipinda chapansi kwa achemwali anga. Alamu anga, amene ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu ya maiko ambiri, anali atandiuza momveka bwino tsiku lomwe ndinafika: "Chipinda chimenechi ndi cha mwana wasukulu. Sukulu ikakukanikani, mukwera ndege yobwerera ku Chileka."

Choncho m'mawa uliwonse ndinkanyamula chikwama cha mabuku n'kukwera mabasi kupita ku Rockville, kumene ndinapeza ntchito yotsuka mathireyi m'bekare ya mkulu wina wa ku Falansa.

Abwana angawo anali ndi nkhani imodzi yokha, ndipo ankaiyamba akangogwira ufa. Inali ya katauni kakwawo, kam'mbali mwa mtsinje, kumene tchalitchi chili kumtunda ndipo ofesi ya ameya ili kumunsi. Kalekale, Afalansa atachotsa mfumu yawo pampando pamodzi ndi mutu wake, anthu akumunsi anagula wotchi yaikulu n'kuipachika pa ofesi ya ameya, kuti anthu asiye kukafunsa nthawi kwa ansembe. Koma belu la tchalitchi linkalira wotchi isanakwanitse ola. Ansembe ankati wotchi ikuchedwa, ameya ankati belu likufulumira, ndipo mibadwo inatha popanda wogonja. Pachisankho chilichonse, kaya mkangano unali wa mlatho, wa msika wa nkhumba kapena wa manda, funso lenileni linali limodzi: ndiwe wa wotchi kapena wa belu? Abwana anali a wotchi, ngati bambo awo ndi agogo awo. Anapikisanapo pa ukhansala, n'kugonja kwa msuweni wawo wa belu, ndipo anawoloka nyanja atanyamula mkwiyo wawo wonse.

Alamu akafunsa patebulo kuti ndaphunzira chiyani lero, ndinkayankha nkhope ili gwa: "Mbiri ya Ulaya, alamu." Ndiye ndinkafotokoza za nyengo yomwe a belu anatenga umeya n'kusiya dala kupukusa wotchi, a wotchi n'kumakwera pamakwerero Loweruka lililonse kukayendetsa mivi yake ndi manja. Alamu ankagwedeza mutu. Kunena zoona, m'moyo mwanga sindinadziweko phunziro lililonse mozama chonchi.

Chinandipha ndi ulemu wa achemwali.

"Kwathu mphunzitsi wabwino amathokozedwa," anatero tsiku lina. "Waiwala kuti bambo ankapititsa nkhuku kwa ahedi? Uwaitane apulofesa akowo Lamulungu adzadye nafe."

Ndinawachonderera abwana. Poyamba anakana, nati bodza ndi ntchito ya anthu a belu. Koma atamva kuti azikatchulidwa apulofesa, anayamba kufunsa ngati jekete yawo yaukwati ingawakwanebe.

Anafika atapanira mabuledi awiri ataliatali m'khwapa. Achemwali atawerama pang'ono kuti awapatse moni, iwo anawapsompsona tsaya lino ndi lino. Achemwali anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda firiji. Alamu anatsokomola. Kenako achemwali anabwera ndi jagi ndi beseni kudzawasambitsa m'manja, ndipo abwana anandiyang'ana ngati akufunsa chifukwa chimene ine sindinawachitirepo zotere.

Zonse zinkayenda bwino. Anadya mpunga ndi nkhuku, anati ndine wakhama, sindichedwa, ndipo manja anga ndi achangu. Alamu anadabwa pang'ono ndi za manjazo, koma anazisiya.

Kenako alamu, munthu wozolowera kulangiza maboma, anapukuta pakamwa nati, "Koma apulofesa, nkhani ya tauni imeneyi ndi yosavuta. Bwanji osangoitana mmisiri, asunthe wotchiyo pang'ono kuti izigwirizana ndi belu?"

Abwana anaika foloko pansi. Makutu awo anafiira.

"Asunthe wotchi? Wotchi ndiyo isunthe? Agogo anga anagona m'ndende chifukwa cha wotchi imeneyo!" Anaimirira, chala chili kwa ine. "Bambo, inu muli ndi madigiri, koma ngakhale uyu, amene anathawa koleji n'kumanditsukira mathireyi, akudziwa kuti wolakwa ndi belu!"

Ine ndinayang'ana fupa la nkhuku m'mbale mwanga ndi chidwi chachikulu.

"Onjezani mpunga, apulofesa," anatero achemwali.

Mlendo atapita, alamu anandiitanira pabalaza. Ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndikavale chiyani potsika ndege.

"Alamu," anatero modekha, "miyezi yonseyi mwatiphunzitsa za tauni imodzi. Ine ndinapitako ku Ulaya. Ndi wamkulupo."

"Tinali tisanafike kwinako, alamu."

"Komanso mwana wasukulu sabwera ndi ufa m'makutu," anawonjezera achemwali ali kukhitchini. "Ndimachapa ndine malaya akowo, iwe."

Chigamulo chinali chakuti chipinda ndikhalamobe, popeza munthu amene wadzuka m'mawa uliwonse n'kupirira phunziro limodzi kwa miyezi yonseyo sangatchedwe waulesi. Koma panali mfundo ziwiri. Buledi wamtali uja azifika Loweruka lililonse. Ndipo bambo kumudzi ndiwalembere ndekha, ndi dzanja langa, kuti sukulu ndinasiya.

Ndinalemba masamba anayi. Atatu ndi theka anali a wotchi ndi belu, kuti aone kuti mwana wawo sanangokhala. Za koleji ndinaziika kumapeto, pafupi ndi moni wa kwa azakhali.

Yankho linatenga milungu yambiri. Bambo anali akatekisiti, munthu amene anaimba belu la pamishoni kwa zaka zochuluka, ndipo kalata yawo inali yaifupi. Za sukulu anati tidzakambirana ndikadzabwera. Koma anafuna ndiwauze msanga kuti ndi ndani anandiphunzitsa kukayikira belu.