Mphuno ya boma

Nyumba yathu ku Muloza inkanunkha madeya owola ndi shuga, chifukwa mayi ankatcheza kachasu kuseri kwa khitchini. Fungolo linali m'mabulangete, m'mayunifolomu, ngakhale mwa mphaka. Dzinja limenelo mvula inkatsika m'phiri osapuma, nkhuni zinkangofuka utsi, ndipo mlongo wanga Felista, yemwe anali asanayambe sukulu, anayamba kuyenda modzandira.

Kwathu kudzandira tinkakudziwa bwino, makasitomala ankatiphunzitsa tsiku lililonse. Mwana akudzandira, akusanza m'mamawa, akudandaula mutu: mlandu unali wosavuta. Mayi anagamula kuti akumalawa m'mabotolo, namukwapula ndi kamtengo ka pichesi. Ine anandipatsa udindo woyamba komanso womaliza pa moyo wanga, woti ndizimununkhiza m'kamwa.

Ntchitoyo ndinaigwira mwaulemu wake. Ndinkamuimika pakhonde, manja kumbuyo ngati msilikali wa pachipata, n'kumulamula kuti auzire. Kenako ndinkapereka lipoti loti kafungo kakumveka pang'ono. Sindinkanama. Pakhomo pathu ngakhale Baibulo likanapezeka lolakwa.

"Achimwene, sindimwa ine," anatero tsiku lina. "Pansi ndi pomwe pakuyenda."

Ndinaseka, n'kukafotokozera makasitomala, nawonso anaseka mpaka kutsokomola.

Mango atatha, diso lake limodzi linatembenukira kumphuno. Apo mayi anasiya moto ukuyaka, nakwera naye kabaza. Ku chipatala cha Mishoni anawatumiza ku Blantyre, komwe anapeza chotupa kunkhongo, mkati mwa ubongo. Madokotala ena ofufuza anapempha kachidutswa kake kuti akaphunzirepo, mayi anavomera. Felista sanaone chimanga chikucha.

Patapita zaka ndinafika ku koleji, komwe ndinakhalako mwachidule ngati mlendo wa pamaliro. M'kalasi ina mphunzitsi anajambula kachigawo ka ubongo ka kunkhongo. Anati ndi kamene kamatiimika chilili, kamapitiriza kukula mwana atabadwa, ndipo nthawi zina kukulako kumasokonekera n'kukhala khansa. Anawonjezera, pofuna kutiseketsa, kuti mowa nawo umagunda pomwepo. Anzanga anaseka. Ine ndinafunsa ngati kufulumira kupita kuchipatala kumathandiza, iye anati kawirikawiri kumathandiza, koma osati nthawi zonse. Ndakhala ndikutsamira pa "osati nthawi zonse" ameneyo mpaka lero.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinalephera kumugwira Felista akumwa. Pano ndimaona kuti pakhomo ponse iye yekha ndiye anafotokoza matendawo molondola, ndipo anauza ine.